Thanzi la Mwana wa Sukulu: Zimene Sukulu Zakale Zinkachita ndi Zimene Makolo Angatengepo

Makolo ambiri amene lero ali ndi ana kapena adzukulu ku pulaimale anaphunzira m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ena pa sukulu za pa boma monga ku Ntcheu, Dowa, Mchinji, Nkhotakota ndi Chikwawa, ena pa sukulu za mishoni kapena za m'malo a malonda a m'mbali mwa msewu. Iwowa amakumbukira chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pa mtengo chimene chinkalira m'malo mwa belu. Amakumbukiranso mzere wa m'mawa, pamene aphunzitsi ankayang'ana zikhadabo ndi mano a mwana aliyense. Kawirikawiri timamva akuluakulu akunena kuti ana a masiku amenewo anali olimba kuposa ana a lero. M'mau amenewa muli choona, koma mulinso zina zimene zaiwalika. Kabuku kano kakufotokoza zimene sukuluzo zinkachita posamala thanzi la ana, chifukwa chake zinkathandiza, ndiponso pamene zinkalephera, kuti kholo lililonse lidziwe chofunika kusunga ndi chofunika kusiya.

KUYENDERA UKHONDO M'MAWA

Pa sukulu zambiri tsiku linkayamba ndi tsache. Ana ankafika dzuwa lisanakwere, nasesa pabwalo ndi m'makalasi, ena nkukatunga madzi. M'makalasi opanda simenti asungwana ankazira pansi ndi dothi. Belu likalira onse ankafola m'mizere, ndipo pa masiku ena aphunzitsi ankadutsa mzere ndi mzere kuyang'ana tsitsi, maso, makutu, mano, khosi, zikhadabo ndi mapazi.

Anawo ankayesa kuti cholinga cha zonsezi chinali kuoneka bwino basi. Koma chiwalo chilichonse chimene aphunzitsi ankayang'ana chinali ndi nthenda yake. M'tsitsi mumabisala nsabwe ndi chipere. Pakati pa zala ndi m'mikono mumayambira mphere, nthenda yobwera ndi kachirombo kosaoneka ndi maso kamene kamakumba tinjira m'khungu, ndipo kamafala msanga pakati pa ana okhala mothinana pansi kapena ofunda chofunda chimodzi. M'zikhadabo zazitali mumakhala dothi lonyamula mazira a njoka za m'mimba. M'zala za kumapazi mumalowa matekenya, amene amaswana m'fumbi la m'nyumba zosazira. Chotero kuzira m'kalasi kunali mankhwala ndithu. Maso a manthongo amaitana ntchentche, ndipo ntchentche, manja akuda ndi nsalu zopukutira pamodzi ndizo zimafalitsa nthenda ya maso yotchedwa trachoma, imene ikabwerezabwereza kuyambira paubwana imapinda zikope, nsidze nkumakanda diso mpaka munthu kuchita khungu atakula. M'chaka cha 2022 bungwe la World Health Organization linatsimikiza kuti Malawi wagonjetsa nthendayi kotero kuti siilinso vuto lalikulu la dziko lonse. Kusukusula nkhope ya mwana tsiku ndi tsiku kunali imodzi mwa njira zimene zinathandiza.

Ubwino wa kuyendera kumeneku unali wakuti munthu wamkulu ankaona thupi la mwana aliyense pafupipafupi, ndipo nthenda inkadziwika isanafalikire kalasi lonse. Kuipa kwake kunali mkwapulo ndi manyazi. Mwana wopezeka ndi nsabwe kapena litsiro ankamenyedwa, mwinanso kuchapidwa poyera anzake akuseka. Kawirikawiri mwana woteroyo anali wa m'banja losowa sopo, kapena wamasiye. Chotsatira chake chinali chakuti ana ankabisa zilonda zao, ena ankajomba pa tsiku loyendera, ena kusiyiratu sukulu. Mphere siimva mkwapulo. Imatha ngati banja lonse ladzola mankhwala a kuchipatala nthawi imodzi, ndipo zovala ndi zofunda zachapidwa ndi kuyanikidwa padzuwa. Chipere cha m'mutu nachonso chimafuna mankhwala akumwa kwa masabata angapo, pakuti kumeta ndi kudzola kokha sikuchichotsa.

MASEWERA OLIMBITSA THUPI

Pa ndandanda wa maphunziro panali nthawi ya masewera olimbitsa thupi. Ana ankatuluka pabwalo, nafola, nayamba kutambasula manja, kuwerama, kudumpha ndi kuthamanga mozungulira bwalo motsatira wezulo ya aphunzitsi. Pa sukulu zambiri ntchitoyi inali m'manja mwa alangizi ochokera ku gulu la Malawi Young Pioneers, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1963 ndipo linathetsedwa m'chaka cha 1993. Iwowa ankaphunzitsanso kuguba, ndi kukonzekeretsa ana zionetsero za pa zikondwerero monga za pa 6 July. Masana kunali mpira wa miyendo kwa anyamata ndi ntchemberembaye kwa asungwana, ndipo pa chaka sukulu zoyandikana zinkapikisana pa kuthamanga ndi kulumpha. Magule monga chimtali, mganda, beni ndi ingoma ankavinidwanso monga mwa dera.

Komabe mphamvu zambiri za ana a masiku amenewo sizinkachokera pa nthawi ya wezulo yokha. Mwana ankayenda mtunda wautali popita ndi pobwera, ankalima m'munda wa sukulu, ankatunga madzi ndi kutola nkhuni. Pa nthawi yopuma asungwana ankasewera fulaye, phada ndi jingo, pamene anyamata ankathamangitsa mpira wa chikulunga womanga ndi nsanza kapena mapepala. Masewerawa sankafuna ndalama, koma ankagwiritsa ntchito thupi lonse.

Masiku ano madokotala akudziwa bwino chimene masewera otere amachita. Mwana akathamanga, mtima umapopa magazi mwamphamvu ndipo mapapo amazolowera kukoka mpweya wambiri. Akamadumpha, mafupa amalandira katundu, ndipo fupa lolandira katundu pa nthawi ya kukula limakhwima bwino. Mphamvu imene mafupa apeza paubwana ndi paunyamata ndiyo imasunga munthu paukalamba. Mwana wosewera amagona tulo tabwino, amadya bwino, ndipo maganizo ake amakhazikika m'kalasi. Malangizo a World Health Organization a m'chaka cha 2020 amati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azichita masewera kapena ntchito yofulumizitsa mtima kwa mphindi 60 pa tsiku, ndipo masiku atatu pa sabata pazikhala masewera olimbitsa minofu ndi mafupa. Ana ambiri akale ankakwanitsa muyeso umenewu osaudziwa. Lero m'matauni muli ana opita ku sukulu pa minibasi kapena pa kabaza, amene akaweruka amakhala pa wailesi ya kanema kapena pa foni mpaka usiku. Nkhaniyi si yaing'ono, pakuti kafukufuku wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti mwa anthu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno, mmodzi anali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi. Chizolowezi chosamala thupi chimayamba munthu ali mwana.

Pa masewera aponso panali zolakwika. Kuthamanga mozungulira bwalo, kudumpha ngati chule ndi kugwada padzuwa zinkaperekedwa ngati chilango, ndipo mwana wolangidwa chotero amakula akudana ndi masewera. Ana ankathamangitsidwa dzuwa lili paliwombo popanda madzi akumwa. Mwana wotopa msanga ankatchedwa waulesi, chonsecho mwina anali ndi mphumu, kapena magazi ochepa, kapena anali asanadye chilichonse chidzukire. Ana olumala ndi odwala khunyu ankasiyidwa pansi pa mtengo kuti azisunga malaya a anzao. Lero tikudziwa kuti khunyu sipatsirana, ndi kuti mwana amene akumwa mankhwala ake mokhulupirika angathe kusewera ndi anzake, kungoti asasambire kapena kukwera mitengo popanda womuyang'anira.

KATEMERA NDI ALANGIZI A ZAUMOYO

Akuluakulu ambiri ali ndi chipsera pa mkono chimene anachipeza pa mzere wa katemera. M'zaka za m'ma 1960 boma linalemba anthu oyenda m'midzi ndi m'masukulu kutemera nthomba. Kolera atalowa m'dziko muno m'chaka cha 1973, panalembedwanso othandiza kulimbana ndi nthendayo. Ntchito ya anthu amenewa ndiyo inakula nkukhala ya alangizi a zaumoyo amene timawaona lero m'midzi. Munthu womaliza kutenga nthomba mwachilengedwe anapezeka ku Somalia m'chaka cha 1977, ndipo m'chaka cha 1980 kunalengezedwa kuti nthomba yatha pa dziko lonse lapansi. Ana a lero sayidziwa nthendayi chifukwa makolo ao ndi agogo ao anaima pa mzere uja, ngakhale ena ankathawira kutchire poopa jakisoni.

M'chaka cha 1979 Malawi anayamba ndondomeko ya katemera wa ana woteteza ku matenda asanu ndi imodzi: chikuku, chifuwa chachikulu, chifuwa chokoka mtima, kafumbata, poliyo ndi zilonda za pakhosi. Kuyambira pamenepo akatemera ena aonjezeredwa. Mwa iwo muli wa HPV, woteteza asungwana ku khansa ya khomo la chiberekero, amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse m'chaka cha 2019, kawirikawiri kudzera m'masukulu. Nthenda imene yazimirira ingathe kubwera ngati katemera wanyozeredwa: m'chaka cha 2022 kunalengezedwa kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, patatha zaka pafupifupi 30 nthendayi isanaonekenso m'dziko muno.

LIKODZO: NTHENDA IMENE MZERE WA M'MAWA SUNKAIONA

Aphunzitsi ankaona za kunja kwa thupi zokha. Nthenda imene inkafooketsa ana ambiri inali m'kati, ndipo ambiri sankaiyesa nthenda nkomwe. M'madera a m'mbali mwa nyanja ya Malawi ndi ya Chilwa, m'chigwa cha Shire, ndi m'minda ya mpunga yothirira, anyamata ambiri ankakodza magazi. Poti pafupifupi mnyamata aliyense ankatero, anthu ena ankakhulupirira kuti chimenechi ndi chizindikiro chakuti mwana wakula. Chikhulupiriro chimenechi ndi cholakwika, ndipo chapweteka ana ambiri. Magazi m'mkodzo ndi chizindikiro cha likodzo.

Nyongolotsi yoyambitsa likodzo anaitulukira dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, ku Cairo m'chaka cha 1851. Kayendedwe kake nkotere. Munthu wodwala akakodza kapena kuchita chimbudzi m'madzi, mazira a nyongolotsi amaswa, ndipo tiana take timalowa mu nkhono zazing'ono za m'madzi odikha, makamaka m'malo a udzu ndi bango. M'nkhonomo timaswana kwa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, kenaka timatuluka tambirimbiri nkumasambira. Mwana akalowa m'madzimo kukasamba, kukachapa, kukawedza kapena kungooloka popita ku sukulu, timaboola khungu lake m'mphindi zowerengeka, iye osamva kanthu koposa kuyabwa pang'ono. M'thupi timakula nkukakhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo kapena matumbo, kumene nyongolotsi zimaikira mazira tsiku ndi tsiku kwa zaka zingapo.

Mazirawo ndiwo amaononga. Ena amatuluka ndi mkodzo, nang'amba chikhodzodzo podutsa, ndipo magazi amaonekera makamaka kumapeto kwa kukodza. Ena amatsakamira m'minofu, napanga zipsera. Mwana amataya magazi pang'onopang'ono, amafooka, sakula bwino, ndipo amasinza m'kalasi. Pakapita zaka zipserazo zingatseke njira ya mkodzo ndi kuononga impso, ndipo likodzo losachizidwa lingayambitse khansa ya chikhodzodzo. Mwa asungwana mazira amaononganso ziwalo zoberekera, kubweretsa zilonda, kupweteka ndi kusabereka. Likodzo la m'matumbo limatupitsa chiwindi ndi kapamba, ndipo munthu wamkulu angathe kusanza magazi.

Kale mankhwala a likodzo anali ovuta kumwa ndi osautsa thupi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 mankhwala otchedwa praziquantel anayamba kufala, ndipo lero amaperekedwa kwaulere m'masukulu a m'madera okhudzidwa. Alangizi amayeza msinkhu wa mwana pa ndodo yolembedwa kuti adziwe chiwerengero cha mapilitsi. Mwana ayenera kudya asanamwe, pakuti pa mimba yopanda kanthu mankhwalawa amachititsa chizungulire, nseru ndi kupotokola m'mimba. Zimenezi zimatha tsiku lomwelo. Makolo ena amaletsa ana kumwa pomva mphekesera yakuti mankhwalawa amatseka kubereka. Zoona zake nzakuti likodzo ndilo limaononga kubereka, ndipo mankhwala amateteza. Dziwaninso kuti praziquantel amapha nyongolotsi zimene zili m'thupi, koma sateteza mwana akalowanso m'madzi oipa. Nchifukwa chake amaperekedwa mobwerezabwereza, ndipo chimbudzi ndi madzi a pa mjigo nzofunikabe. Ngati madzi osamba akuchokera kudambo kapena kunyanja, atenthetseni, kapena muwasunge mu ndowa masiku awiri athunthu, pakuti tizirombo ta likodzo sitikhala moyo kupyola pamenepo tikasowa munthu.

NJOKA ZA M'MIMBA, MALUNGO NDI NJALA

Ana ambiri akale ankapita ku sukulu opanda nsapato, ndipo zimbudzi zinali zochepa. Pali mtundu wa njoka za m'mimba umene tiana take timakhala m'dothi lonyowa loipitsidwa ndi chimbudzi; timalowera ku mapazi, ndipo tikafika m'matumbo timaluma ndi kuyamwa magazi. Mwana amene ali ndi njokazi pamodzi ndi likodzo, nadwalanso malungo kawirikawiri, amakhala ndi magazi ochepa. Mudzamzindikira poona m'zikope, m'zikhato ndi lilime kuti mwayera, ndiponso amapuma mwawefuwefu akathamanga pang'ono. Ameneyu ndiye uja ankatsalira pa mpikisano natchedwa waulesi.

Pa malungo, akuluakulu amakumbukira kuwawa ndi kuyabwa kwa chloroquine. Mankhwalawa anasiya kugwira bwino ntchito, ndipo m'chaka cha 1993 Malawi anasintha nkuyamba kugwiritsa ntchito SP, amene ambiri ankamutcha Fansidar. M'chaka cha 2007 panabwera LA. Chotero musampatse mwana mankhwala otsala m'nyumba potsata zimene munkachita kale. Mwana akatentha thupi, kamuyezetseni magazi tsiku lomwelo, ndipo amalize mankhwala onse ngakhale ayambe kusewera.

Za chakudya, mwana wakale ankanyamula chimanga chokazinga, mbatata, chinangwa kapena mtedza m'thumba, ndipo wina ankadya mkute asananyamuke. Koma m'miyezi ya January ndi February, nkhokwe zitapepuka, ambiri ankafika pa sukulu ndi njala, ena nkukomoka pa mzere. M'kalasi ankaphunzitsidwa magulu atatu a zakudya: zopatsa mphamvu, zomanga thupi ndi zoteteza ku matenda. Lero timaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi: zokhutitsa, za nyemba, zochokera ku nyama, ndiwo zamasamba, zipatso ndi za mafuta. Phala la ku sukulu ndi chinthu cha pambuyo pake. Mwachitsanzo bungwe la Mary's Meals linayamba kudyetsa ana m'Malawi m'chaka cha 2002. Phalali limakoka ana kubwera ku sukulu, koma silifika pa sukulu iliyonse, ndipo silinabwere kudzalowa m'malo mwa chakudya cha pakhomo.

CHIMENE CHASINTHA

M'chaka cha 1994 sukulu ya pulaimale inakhala yaulere, ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Chimenechi chinali chabwino, pakuti ana a anthu osauka analowa m'kalasi. Tiyeneranso kukumbukira kuti pamene tikuyamikira kulimba kwa ana akale, tikunena za okhawo amene makolo ao anatha kulipira ndipo anapulumuka chikuku ndi malungo ali akhanda. Koma mphunzitsi wokhala ndi ana oposa 100 sangathe kuyang'ana zikhadabo za aliyense, ndipo zimbudzi ndi mabwalo osewerera zinachepa. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 ndi kuchedwetsa kutsegulira kwa sukulu m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre mu January 2023, unatikumbutsa kuti ukhondo wa pa sukulu ndi nkhani ya moyo. Tsono ntchito imene kale inkachitika pa mzere wa m'mawa yabwerera pakhomo.

ZOYENERA KUCHITA MAKOLO

1. Kamodzi pa sabata yang'anani mutu, maso, mano, zala, zikhadabo ndi mapazi a mwana wanu. Chitani zimenezi mofatsa, muli awiri, kuti mwana asaope kukuuzani chimene chikumvuta.

2. Mfunseni mwana, wamwamuna ndi wamkazi yemwe, ngati amaona magazi m'mkodzo kapena kumva kupweteka pokodza. Akavomera, pitani naye kuchipatala.

3. Pa tsiku la mankhwala a likodzo ndi njoka za m'mimba, mdyetseni mwana m'mawa ndipo muonetsetse kuti wapita ku sukulu.

4. Mwana asapite ku sukulu ndi njala. Phala lothira nsinjiro, mbatata kapena nthochi nzokwanira kuyambira tsiku. Anyamulenso madzi akumwa otetezedwa.

5. Mpatseni mwana nthawi yosewera panja tsiku lililonse. Msungwana asapanikizidwe ndi ntchito za pakhomo mpaka kusowa nthawi yosewera, ndipo kusamba kwa mwezi si chifukwa chomuletsera masewera ngati iye akupeza bwino.

6. Mwana wotopa msanga, wobanika kapena wokomoka pa masewera aonedwe ndi dokotala, ndipo aphunzitsi auzidwe za matenda monga mphumu ndi khunyu.

7. Mwana avale nsapato kapena nkhwaira, makamaka popita ku chimbudzi. Asambe m'manja ndi sopo pochokera ku chimbudzi ndi asanadye, ndi madzi othirirana kapena a pa mpondagiya, osati m'beseni limodzi.

8. Ana onse agone m'masikito usiku uliwonse, chaka chonse, ndipo buku la katemera lisungidwe bwino.

9. Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi funsani za zimbudzi, madzi, malo osambira m'manja ndi bwalo la masewera. Funsaninso ngati nthawi ya masewera ikusungidwa, makamaka m'makalasi olemba mayeso, ndipo masewera asakhale chilango.

Ngati pali chimene simunamvetse m'kabuku kano, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena ku chipatala chimene muli nacho pafupi. Werengeraniko anzanu amene sadziwa kuwerenga, ndipo mukatha kaperekeni kwa banja lina.